Mankhwala Awiri, Mpando Umodzi

"Ababa, anthu awiri akafuna mpando umodzi, amakhalapo ndani?" mwana wa Katswiri anafunsa tsiku lina. Bamboyo anaseka, poti ntchito yake ku labotale inali yomweyo.

Mpando wa kuntchitoko unali kamphako ka pa puloteni ya kachilombo koyambitsa matenda. Pali mankhwala ena amene amawala akamatirira pakamphakopo. Ukawathira m'kabotolo pamodzi ndi mankhwala atsopano, awiriwo amalimbirana malo. Kuwala kukazilala pa makina, ndiye kuti atsopanowo alanda mpando, ndipo odwala ali ndi chiyembekezo.

Atsopanowo anali kaufa kosadzaza ndi supuni yomwe, thukuta la zaka zambiri la gulu lonse. Opereka thandizo anali atatopa. Anafuna zotsatira sabata yomweyo, apo ayi ntchito itsekedwe.

Pofuna kudula njira, Katswiri anathiriratu owala aja dzulo lake, kuti m'mawa angowonjezera kaufa n'kuwerenga pompo.

"Achimwene, awatu mwawakhazika kale pampando," anatero Mayi Magalasi, mnzake wa pantchito, yemwenso nyumba zawo zinagundana mpanda. "Akakhazikika sachoka msanga. Thirani pamodzi, kapena dikirani."

"Mankhwala amphamvu sachita odi, Mayi. Zodikira n'za inu oyandikira penshoni."

M'mawa mwake Katswiri anathira kaufa, koma makina anawala ngwee. Anawonjezera kaufa, anawalabe. Anakhuthula kotsala konse, koma sipanasinthe kanthu. Analemba kuti mankhwalawo ngachabe. Ntchito inatsekedwa, gulu linabalalika, ndipo amene ankadziwa kupanga kaufako anapita kukagulitsa matayala.

Tsiku lolongedza, Mayi Magalasi anatsukuluza kabotolo ka ufa kaja, nathira zotsukuluzazo ndi owala aja nthawi imodzi. Kuwala kunazilala iwo akuona.

Tsiku lotsatira anamuuzira pampanda wa kunyumba. Katswiri anali atakhala pa chidebe chovundikira, dzuwa lili pamutu, alibe kopita.

"Ndiye ankagwira?"

"Ankagwira, achimwene."

"Sitingapangenso?"

"Ndi chiyani? Makina anyamula dzulo."

Katswiri anayang'ana kukhitchini, kumene mkazi wake amatsuka mbale.

"Amake mwana asamve. Iwo akudziwa kuti anakana ndi mankhwala, osati ine."



"Pakamwa panga sizidzatuluka," anatero Mayi Magalasi. "Ndidzapita nazo kumanda."

Akale sananame: liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.