Matiresi a Maluwa a Nusaiba

Sabata imene Nusaiba ankakonzekera kupita ku koleji, pakhomo pa bambo ake, a Abdulrahim, panalibe poponda. Khonde lonse linali katundu yekhayekha: ndowa, mbale, neti, sopo, nsapato zoyera za kusukulu ya unamwino, ndi kathumba ka mpunga wa m'dambo la ku nyanja ya Chilwa. Mayi ake, a Anifa, ankangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira, ichi aika, icho achotsa.

Nusaiba anali woyamba pabanjapo kuponda koleji, ndipo kusangalala anasangalala ndithu. Koma mumtima munali kanthu kamene kankamudya. Ku sekondale yogonera komweko, atsikana a m'tauni ankamunena kuti zovala zake zimanunkha nsomba, n'kumutcha Matemba. Dzinalo linamukanirira mpaka tsiku lomaliza mayeso. Tsopano analumbira kuti ku Blantyre akafika ngati munthu, ndipo dzina lake likakhala Nusaiba basi. N'chifukwa chake chitini cha matemba chimene mayi ake anamulongera anachibweza kukhitchini osachitsegula n'komwe. Mkeka umene a Anifa anamulukira anaukananso, ati ku koleji anthu sagona pansi.

Akukoleji ananena kuti mabedi alipo, koma matiresi aliyense abwere ndi ake. M'nyumbamo munali matiresi amene Nusaiba anagonera kuyambira ali wamng'ono, opyapyala, ophwa pakati, koma aukhondo. Iye anati amenewo ndiye sangawanyamule ngakhale atamumenya.

Tsiku la msika anawaona amene mtima wake unkafuna. Bambo wina wachilendo anali atawatsamiritsa pamtengo wa mango: matiresi onenepa, nsalu yake ya maluwa ofiira, okutidwa m'pulasitiki yonyezimira. Tisanamizane, aliyense wa kumeneko amadziwa kumene matiresi otere amachokera. Madzi a nyanja akayamba kuthawa, asodzi amasamuka m'misasa yawo n'kugulitsa zogonera motchipa. Ochenjera amazitola, telala amasokerapo nsalu yatsopano, pulasitiki pamwamba, basi zasanduka za m'sitolo. Nusaiba ankazidziwa zimenezi, koma diso linali litakonda kale. Bambo ake, poti mwana wakhoza mayeso, sanafune kumukhumudwitsa. Anagula, n'kuwamanga panjinga.

A Anifa atawaona anawadina ndi chala, kenako anawerama n'kununkhiza m'mphepete. Sanakalipe. Anangokumbutsa mwana wawo mwambo wa pamudzipo, kuti chinthu chochokera kudooko sichilowa m'nyumba chisanagone padzuwa. Anati achotse pulasitikiyo, asule msoko mbali imodzi, athire madzi owira m'mapindiro, ndipo matiresiwo akhale padenga la malata mpaka tsiku la ulendo. Dzuwa la Okutobala likanamaliza ntchito yonse lokha.

“Amayi, mukachotsa pulasitikiyo ndiye kuti akhala akale,” anatero Nusaiba. “Ine ndikufuna anthu akaone kuti ndi atsopano.”

“Yatsopano ndi nsaluyo, mwanangu. Za m'katimo sitikuzidziwa.”

Nusaiba anati mayi ake amangokayikira chilichonse chokongola. Ananyamula matiresi ake n'kukawaimika kuchipinda, pamthunzi, kuopa kuti dzuwa lingawaule maluwa. Abale, kusamala kwake! Mng'ono wake akangoyandikira, ankamuthamangitsa ngati mbuzi yolowa m'dimba. A Anifa anaona kuti mawu awo akugwera pamwala, ndipo anangomusiya.

Tsiku la ulendo, a kabaza atafika kuti amuperekeze ku Migowi kukakwera minibasi, a Anifa anatulutsa mkeka uja. Anati akulungire matiresiwo kuti zingwe zisang'ambe pulasitiki. Apo pokha ndi pamene Nusaiba anavomera, poti zinali zoteteza chuma chake.

Ku koleji anamupatsa chipinda chimodzi ndi Peggy, mtsikana wa ku Chilomoni, wansangala, wosachedwa kuzolowerana ndi anthu. Nusaiba anamasula mkeka mwachangu n'kukauponya pampanda kuseri kwa hositelo, kumene amayanika zovala, kuti wina asauone. Pulasitiki ija anaing'amba pang'onopang'ono atsikana ena ali pakhomo. Peggy anakhalapo, n'kudzigwedeza, nati matiresi otere ndiye ogona munthu n'kuiwala kalasi. Nusaiba anamva kukoma mpaka m'mafupa. Atamufunsa kwawo, anati ku Phalombe, chakuboma. Za nyanja sanatchule.

Masiku oyamba zinthu zinayenda monga ankafunira. Ankadya ndi Peggy, kupita kukalasi ndi Peggy, ndipo aliyense ankamuitana dzina lake lenileni. Kenako anayamba kudzuka akukanda. Anati ndi udzudzu, ndipo neti anayamba kuipisira mwamphamvu pansi pa matiresi, osadziwa kuti akudzitsekera m'khola limodzi ndi adani ake. Posakhalitsa Peggy nayenso anatuluka timatuza m'mikono, pansalu yake yofunda n'kumaoneka timadontho ta magazi. Chipinda choyandikana nacho chinayamba kudandaula, kenako china.

M'mawa wina Peggy atapita kukasamba, Nusaiba anatukula m'mphepete mwa matiresi ake. Mumsoko monse munali tizilombo tofiirira, taphwatalala, titandandana ngati ana a sukulu pamzere. Nsikidzi. Apa mpata unalipobe wokauza a matroni mwakachetechete, matiresiwo n'kuchotsedwa anthu ali m'kalasi. Koma manyazi ndi ndodo yoipa. Anayala nsalu yake bwinobwino, n'kupita kukalasi ngati sanaone kanthu, ndipo anzake akamadandaula iyenso ankadandaula nawo.

Madandaulo atachuluka, a matroni, mayi Eveles, analamula kuti Loweruka aliyense atulutse zogonera zake pabwalo. Anali mayi osakonda zolankhulalankhula. Ankayenda ndi lezala m'manja, kuyang'ana matiresi amodziamodzi. Ena ankawapeza ndi nsikidzi ziwiri zitatu zosochera. Atafika pa a maluwa ofiira anaima, n'kufunsa mwini wake. Nusaiba anakweza dzanja mosafuna.

Lezala litangodutsa mumsoko, nsalu ya maluwa inatseguka, ndipo zimene zinali m'katimo zinaonekera dzuwa likuswa mtengo. Siponji yake inali yakuda bii, yodyekadyeka, yomatidwa zidutswa. Nsikidzi zinabalalika pasimenti ngati mapira otayika, atsikana n'kumadumpha uku akukuwa. Ndiye fungo! Utsi wowambira nsomba, thukuta la asodzi, matope a nyanja, zonse zimene pulasitiki ndi nsalu zinabisa zinatuluka nthawi imodzi. Mtsikana wina anatola kachingwe ka ukonde kamene kanakodwa m'siponjimo, n'kukakweza m'mwamba kuti onse aone.

A matroni anafunsa funso limodzi lokha, ngati Nusaiba ankadziwa. Iye anayang'ana pansi, ndipo kuyang'ana pansiko kunayankha.

Matiresiwo anawatentha kuseri kwa khitchini tsiku lomwelo. Hositelo yonse inathera Loweruka ndi Lamlungu kuwiritsa zovala ndi kupopera mankhwala, m'malo mopita kutauni. Peggy sanamutukwane. Anangomuuza kuti nsikidzi zimagwera aliyense, koma kumuona mnzako akukanda usiku ndi usana iwe ukudziwa gwero lake n'kukhala chete, chimenecho ndiye sangachiiwale. Anapempha kuti amusinthe chipinda, ndipo anamusintha.

Pofika Lolemba dzina linali litapezeka kale. M'kalasi, pamzere wa chakudya, ngakhale kwa anyamata amene sanaone n'komwe zimene zinachitika, iye anali Nsikidzi. Zinamuwawa kwambiri. Akanakhala kuti maina amasinthanitsa pamsika, akanapereka chilichonse kuti amubwezere lija la Matemba, poti matemba anthu amadya n'kuyamika.

Pogona panalibe, bedi linali matabwa okhaokha. Ndi pamene anakumbukira mkeka uja. Anaupeza pampanda pomwe anauponya, dzuwa litauwamba masabata onsewo, wouma gwa, wopanda ngakhale kachilombo kamodzi. A matroni anautembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti umenewu ulowe.

Madzulo ake anaimbira foni mayi ake n'kuwafotokozera zonse. Ankayembekezera kuti amukumbutsa za denga la malata ndi madzi owira. Koma a Anifa anangofunsa ngati mkeka uja ulipo.

“Ulipo, amayi. Ndi umene ndikugonera.”

“Gona, mwanangu. Umenewo ndinaluka ndekha, ndikudziwa zimene zili m'kati mwake.”

Nusaiba anauyala pamatabwa paja m'chipinda chimene tsopano anali yekha. Unali wolimba, unkamusiya mizere pamsana, koma sunamulume. Akuluakulu sananame pamene anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.