Mbuzi Zosazinga

A Dzimbiri, mkulu wa mpingo, anafika kunyumba kwa Abusa Gomiwa thukuta lili kamukamu, ngakhale kuti m'mawawo kunali kozizira. Anaodira. Anapeza abusawo ali pakhonde, akusita malaya ndi simbi ya makala.

Abusa Gomiwa anali Mkhristu, koma ife Asilamu a dera limenelo timawatchulabe mwaulemu mpaka lero. Anaphunzira kunja, ankawerenga Chigiriki ndi Chiarabu chomwe, ndipo anaphunzitsapo kusukulu ya ubusa, koma anasiya zonsezo n'kubwera kudzatumikira kampingo ka kumudzi. Pamene Akhristu ndi Asilamu anayambana chifukwa cha mjigo umene unali pakati pa tchalitchi ndi mzikiti, mpaka kugendana ndi kuvulazana, iwo ndiwo ankapalasa njinga uku ndi uku kuyanjanitsa anthu, akutukwanidwa mbali zonse. Ena a mumpingo mwawo anafika powapatsa dzina loti Shehe wa Lamulungu. Tsiku limene a Dzimbiri anabwerali, mbali ziwirizo zinayenera kudyera pamodzi pabwalo la tchalitchi, kutsimikiza kuti mkangano watha, ndipo woyang'anira zakudya anali a Dzimbiri.

"Takulandirani, a Dzimbiri. Khalani pansi," anatero abusa. "Nkhope yanu ikundiuza kuti simunabwere kudzacheza."

"Abusa, zinthu zavuta. Tinapangana kuti mbuzi za chakudya cha lero azizinge Msilamu, monga timachitira pamaliro ndi paukwati. Koma azibambo a mumpingo analawirira ndi changu chawo, apha okha. Ine pofika ndapeza nyama ili kale pamoto."

Abusa anaika simbi pamwala. Nyumba ya a Dzimbiri inayandikana ndi mzikiti, ndipo ankakumbukira bwino kulira kwa miyala padenga la malata, ana atabisala kunsi kwa bedi. Ankachita mantha kwambiri kuti zimenezo zingabwererenso.

"Tsono inu mwaganiza zotani?" anafunsa abusa.

"Pepani, ndilankhule mosabisa. Nyama ikapsa siidziwika kuti anaizinga ndani. Tikhoza kunena kuti anatizingira Msilamu wa kumsika. Tikaulula, aja amene sankafuna mtendere apezerapo mwayi. Anena kuti tachita dala kuti tiwanyoze, ndipo ntchito yanu yonse ithera pomwepo. Mbuzi zina sitingazipeze nthawi ino, anthu akufika posachedwa."

"Mantha anuwo ndawamva, ndipo si opanda pake."

Mawu amenewo anawalimbitsa mtima a Dzimbiri. Munthu akathedwa nzeru amasanduka katswiri wa malamulo, ngakhale a chipembedzo cha eni ake. Anasendera pafupi.

"Komanso, Abusa, ndinamva kwa inu nomwe kuti m'chipembedzo chawo munthu akadya chinthu choletsedwa asakudziwa, alibe tchimo. Kodi si choncho?"

"Ndi choncho. Munamva bwino."

"Munanenanso kuti ena mwa akatswiri a chipembedzo chawo amaloleza nyama yophedwa ndi Akhristu."

"Alipo amene amatero, ndinawerenga mabuku awo. Koma anansi athuwa sadya nyama yotere, ndipo ine si shehe wawo woti ndiwagamulire chodya. Kudziwa kwanga mabuku awo sikundipatsa ufulu wowasankhira iwo asakudziwa."

A Dzimbiri anazyolika. Kuchokera kutchalitchi kunkamveka amayi akuyeserera nyimbo yolandirira alendo, ndipo nyimboyo inkangowonjezera nkhawa yawo.

"Ndiye tingowasiya abwerere ndi mkwiyo? Abusa, ine ndili ndi ana. Ngati iwo sakhala ndi tchimo, nanga choipa n'chiyani kuti tingosunga pakamwa lero lokha, chifukwa cha mtendere?"

Abusa anavala malaya aja, ngakhale kuti mkono umodzi unali usanasitidwe, n'kuyamba kumanga mabatani pang'onopang'ono. Poyankha sanakweze mawu.

"Mwanena zoona kuti iwo sakhala ndi tchimo. Tchimolo likhala lathu, ndipo tiziyenda nalo tsiku lililonse tikamawapatsa moni. A Dzimbiri, anthu amenewa akubwera kudzalandira m'manja mwathu chakudya chimene sanachione pophika. Mtendere umene ndakhala ndikuupempha kwa Mulungu ndi umenewo, woti munthu adye kwa mnzake osafunsa. Tikawanamiza, iwo apita kwawo atakhuta ndiponso akutikhulupirira, koma ife titsala tikudziwa kuti si ife anthu oti n'kutikhulupirira."

"Nanga akakwiya?" anafunsa a Dzimbiri motsitsa mawu.

"Mwina akwiyadi, sindingakulonjezeni kuti sakwiya. Inenso mtima ukundigunda ngati inu. Koma nyamukani, tipite limodzi kwa Shehe tikanene tokha asananyamuke, tikawauze kuti alendo athu adya nyemba lero chifukwa talakwitsa. Munthu amene wakwiya chifukwa ndamuuza zoona ndikhoza kupita kwa iye mawa ndi mkuja kukapepesa mpaka atandimva. Koma amene ndamudyetsa bodza iye n'kundithokoza, ndikamupepesa bwanji?"