Manja a Usacheuke

Kalekale, anthu asanayambe kumanga milatho pa mitsinje ikuluikulu, kumunsi kwa Shire kunali mkulu wina dzina lake Kamundi. Ntchito yake inali yowolotsa anthu pa dooko, ndipo chuma chake chonse chinali bwato limodzi limene anasema yekha ku mtengo wa mbawa. Mtengowo unali wautali koma wowonda, bwatonso linatengera make. Pa liwiro panalibe lina lolipambana. Koma ukangoyetsemula uli m'menemo, kapena kutembenuza khosi kuti uone amene akukuitana kumtunda, basi wasamba usanafune. N'chifukwa chake anthu analitcha Usacheuke.

Kamundi ankalikonda bwatoli kuposa mmene anthu ena amakondera akazi awo. Lamulo lake linali limodzi: "Bwato langa saliboola, salikhoma kanthu. Woopa madzi akhale kwawo."

Mkuluyu anali ndi ana atatu, onse akuluakulu. Woyamba anali Thengo, munthu wa ndevu zake, koma wotha tsiku lonse atanyonyomala pa chithaphwi, akuyandamitsa zigoba za malambe. Ankafuna kudziwa chifukwa chake chigoba china chimatembenuka pamene chinzake chimakhazikika. Bambo ake anamuthyolerapo timabwato take kangapo, anthunso ankati mutu wake sugwira. Ine sindinena kanthu, paja wamisala anaona nkhondo. Wachiwiri anali Nthambi, mkazi wamasiye wa ana awiri, woluka miono ndi nkhokwe, amene mfundo yake sinkamasuka popanda mpeni. Mzime anali Dzoole, wa mapewa ngati mtondo wosinjira, ndipo kupatula bambo ake, ndiye yekha amene Usacheuke ankamumvera.

Chaka china mvula inagwa kumapiri masiku ambiri osakata, mtsinje n'kuyamba kukwera. Banjali linali ndi minda pa chilumba pakati pa mtsinjewo, choncho Dzoole anawawolotsa mmodzimmodzi kuti akolole chimanga madzi asanachimize. Nthambi anathira chake m'nkhokwe imene anaimanga pamwamba pa nsanja ya nsungwi zazitali, kuti madzi azingodutsa pansi. Chimenecho ndicho chinali chakudya cha ana ake chaka chonse.

Tsiku lachitatu m'mawa, Kamundi anaponda mphiri imene inkathawa madzi. Posakhalitsa mwendo unatupa mpaka m'bondo. Mankhwala a njoka ankawadziwa mayi wina wokalamba, Nagama, amene ankakhala kutsidya ndipo chibadwire anali asanakwerepo bwato. Panalibe kuchitira mwina koma kupita naye wodwalayo, ndiponso msanga.

Dzoole ananyamula bambo ake n'kuwagoneka m'bwato. Koma munthu wolumidwa ndi mphiri sakhala phee. Kamundi ananjenjemera, anaphiriphitha, ndipo Usacheuke anachita zake: phava! onse awiri m'madzi, mwayi panali posaya. Anayesanso kachiwiri, zomwezo. Atamukokera pa mtunda, mkuluyo anati ndi mawu otsika, "Ana inu, ndawolotsa anthu moyo wanga wonse, lero ndifere pa chilumba? Amene andipulumutse, bwato ndi dooko ndi zake."

Thengo anakanda ndevu n'kufunsa mng'ono wake, "Dzoole, ukamawoloka ngalande pa mtengo umodzi, manja umachita nawo bwanji?"

"Achimwene, bambo akufa, inu mukuponya ndagi?"

"Tayankha."

"Ndimatambasula, nanga n'kutani?"

"Eyaa. Bwato ili lilibe manja. Tilipatse manja."

Anatulutsa m'thumba mwake chigoba cha mlambe. Anali atapingasapo timabango tiwiri, ndipo kunsonga kwake, uku ndi uku, anali atamangako timapesi. Anachiika pamadzi n'kuchikankha ndi chala, koma chinakana kutembenuka. Anati anayesapo kumanga mapesiwo m'mbali mwenimweni mwa chigoba, sizinathandize. Pamafunika akhale patali. Pa bwato lenileni pakufunika nsungwi ziwiri zazitali zopingasa, ndi mathunthu awiri a nthochi oyandama kunsonga. Zinamutengera zaka zisanu ndi ziwiri akusekedwa kuti adziwe zimenezi.

Nthochi zinalipo pa chilumbapo. Koma nsungwi zazitali zowongoka zinali pamalo amodzi okha, pansi pa nkhokwe ya Nthambi. Abale ake awiri anayang'ana nkhokweyo, kenako anayang'ana pansi. Nthambi anadziwa zimene ankaganiza. Mtima unamuwawa, pakuti ankadziwa njala imene ikubwera, koma anatenga chikwanje n'kudula luzi, nasolola nsungwi ziwiri zapakati. Nkhokwe inapendekeka, inagwa, ndipo chimanga chonse chinakhuthukira m'madzi amene anali atafika kale pa nsanjapo.

Sanaime kuti achione chikupita. Anamasula luzi la nkhokwe yomweyo n'kuyamba kumanga. Thengo ankadziwa pamene nsungwi ziyenera kukhala, koma mmene zingagwirire pa bwato losalala ngati limenelo sankadziwa. Mfundo zake zinkangoterereka. Thengo anatchula zoboola. Kamundi, amene onse ankayesa kuti wakomoka, anatsegula diso limodzi: "Musaliboole!"

"Sindiboola bambo, gonani," anatero Nthambi. Anapinga timitengo tatifupi mkati, pansi pa milomo ya bwato, n'kukokerapo nsungwizo ndi luzi monga amachitira pomanga pakamwa pa mono. Mathunthu a nthochi anawamanga mbali iliyonse payokha. Atamaliza, zala zikutuluka magazi, anakwera yekha n'kuimirira, nadumpha kawiri. Usacheuke sanagwedezeke. Ngakhale Dzoole anangoti kukamwa yasa.

Tsono inafika nthawi ya Dzoole. Bwato limene ankalidziwa ngati chikhatho chake linali litasanduka lachilendo. Linkalemera, silinkafuna kukhota, ndipo nkhafi inkagunda nsungwi akati apalase motalika. Anaphunzira kapalasidwe katsopano ali pakati pa madzi olusa, bambo ake akugubuduka kumapazi kwake. Bwato linkapendekeka koma manja aja ankalibweza.

Atangopitirira pakati, kunabwera chimtengo chokokoloka ndi mizu yomwe. Bwato lowonda likanazemba. Koma dzanja la kumtunda kwa madzi linakola mu nthambi zake, ndipo chimtengocho chinayamba kuwakokera kumunsi, kumene kunali miyala. Thengo ndi Nthambi ankaonerera ali pa chilumba, manja ali kumutu. Dzoole anasolola nkhwangwa. Anatema mfundo, mfundo inakana. Anatemanso, inakanabe. Ndiye anatema nsungwi zenizenizo, imodzi, inzake, dzanjalo n'kupita ndi chimtengo chija. Anapendeketsa thupi lake lonse kumbali yotsalayo n'kupalasa choncho, msana uli khotee, mpaka bwato linagunda mchenga wa kutsidya. Kuchoka apo anabereka bambo ake kumsana mpaka pakhomo pa Nagama.

Kamundi anachira, koma mwendo unauma, sakanathanso kugwada m'bwato. Madzi ataphwa anaitana ana ake pa dooko. Anakhala pa mphasa, nkhafi yake ili pamiyendo, Usacheuke ali pambali ndi dzanja lake limodzi. Anthu a m'mudzi anabwera ambiri, ena kudzamva mlandu, ena kudzangogwira bwatolo kuti aone ngati n'zoona kuti silitembenukanso. Ngakhale Nagama anabwera wapansi, pakuti dookolo linali tsidya lakwawo, ndipo ankalizungulira akupukusa mutu.

"Ndinalonjeza," anatero Kamundi. "Mbuzi ikanakhala mphotho, tikanagawana miyendo. Koma bwato ukalidula patatu ndi nkhuni. Aliyense anene zake."

Thengo anati, "Bambo, mng'ono wangayu anakugwetserani m'madzi kawiri ine ndisanayankhule. Mphamvu anali nazo, nsungwi ndi luzi zinali pomwepo, koma inu munali kufa. Chimene chinasowa chinali m'mutu muno, mutu womwe mumati sugwira uja."

Nthambi anati, "Nzeru za achimwene zinali pa chigoba cha mlambe, ndipo pa chigoba sipakwera munthu. Nsungwi zinali zanga, luzi langa, mfundo zanga. Dzanja lotsalalo linagwira chifukwa ndinamanga mbali iliyonse payokha. Awa awiri sanataye kanthu. Ine ana anga akudya nyika, timizu ta m'dambo lero."

Dzoole anati, "Achemwali, za njala yanu ndikumva chisoni, sindikana. Koma manja anuwo ndi amene anatikola mu chimtengo chija, ndipo mfundo yanu inakana nkhwangwa pamene ndinkafuna imasuke. Ndikanaopa kuwononga ntchito yanu, bwenzi lero mukulira maliro awiri. Inu munaika nzeru, inu munaika chimanga. Ine ndinaika khosi langa."

Thengo anali atasiya kale kumvetsera. Anali atanyonyomala pambali pa bwato, akuyang'ana nsungwi zodulidwa zija. "Koma Dzoole," anafunsa, "ukuti dzanja limodzi linakwanira? Linkapendekera mbali iti? Nanga tikaika thunthu lalifupi?" Anthu anaseka, ena n'kumati, "Mwamuona? Mukamupatsa ameneyu, bwato lithera kuyesa, ife tizingodikira pa dooko." Koma mayi wina anayankha kuti iye zaka zonsezi sankapita kukaona mwana wake kutsidya chifukwa choopa Usacheuke, ndipo dzulo anawoloka atanyamula mtsuko pamutu. Wina anati Nthambi sadziwa kupalasa. Wina anamubweza kuti kupalasa amaphunzira, koma chimanga chopita ndi madzi sichibwerera. Phokoso linakula, aliyense akukokera kwake.

Kamundi anayang'ana Thengo, nakumbukira timabwato tija ankamuthyolera, ndipo anachita manyazi. Anayang'ana Nthambi, naona adzukulu ake atawonda makosi. Anayang'ana Dzoole, amene msana wake unali usanawongoke bwino chichokereni tsiku lija. Anakweza nkhafi kuti apereke, dzanja linaima m'malere, ndipo anaibwezanso pamiyendo.

Ine ndinachoka pa dookopo nkhafi ikadali pamiyendo pa mkuluyo, ndipo ndayenda nayo nkhaniyi osaipezera mutu. Tsono inu amene mwamva, tandithandizani. Amene anaganiza zopatsa bwato manja, amene anagwetsa nkhokwe ya ana ake kuti awamange, ndi amene anadula dzanja limodzi pakati pa mtsinje: mukanakhala Kamundi, nkhafiyo mukanaiika m'manja mwa yani?