Theka la Nyimbo Linapita Kumanda

Kunali munthu wina kutsidya kwa mtsinje, dzina lake Yotamu, katswiri woyimba mangolongondo. Ena a inu mwina simuwadziwa. Ndi timatabwa toyala pa mathunthu awiri a nthochi, ndipo munthu sayimba yekha. Anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina uku wina uko. Uyu akamenya amasiya kampata, mnzakeyo n'kumenya pakampata pomwepo. Nyimbo imene mumamvayo imabadwira pakati pawo.

Yotamu anayimba ndi mnzake Jailosi zaka makumi awiri. Jailosi anali wofatsa, wachibwibwi, wongoyang'ana pansi. Yotamu ndiye anali wapakamwa, ndipo anthu akamalulutira ankatchula dzina lake lokha. Zinkamukomera bambo wanuyo. Matama anamulowa pang'onopang'ono ngati chiswe m'nsichi.

Tsiku lina paukwati dzanja la Jailosi linanjenjemera, naphonya kamodzi kokha. Yotamu anamudzudzula anthu onse akumva.

"Achimwene, ine ndimangokunyamulani. Ndikhoza kuyimba ndi aliyense."

Jailosi anaika timitengo take toyimbira pansi bwinobwino, n'kunyamuka. Yotamu sanadziwe kuti kunjenjemera kuja kunali kuyamba kwa matenda.

Patapita miyezi, mkazi wa Jailosi anabwera. "Alamu, anzanu agonera, matenda akula. Akuti mubwere, muyimbe nawo kamodzi kokha."

Koma manyazi ndi matama zinamugwira miyendo Yotamu. Anangoti, "Ndibwera mawa." Mawa lakelo anamva kulira kuchokera kwa Jailosi.

Atabwerako kumanda, masana dzuwa lili paliwombo, mayi wamasiye uja anayalitsa mangolongondo pabwalo. "Alamu, tiyimbireni nyimbo ija munapeka awiri. Ndiyo ankaifuna."

Yotamu anakhala mbali yake ya masiku onse. Kutsogolo kwake kunali mphasa yopanda munthu. Anamenya: ngo! Kenako zii. Anamenyanso: ngo! Zii. Pamene pankalowa Jailosi panali dzenje, ndipo dzenjelo linkameza chilichonse. Njiwa zinaleka kulira m'mitengo. Khanda limene linkavuta kumsana kwa amake linangoti chete. Anthu thupi linawachita tsemwe, pakuti imeneyo sinalinso nyimbo. Chinali chinthu chokoka mpweya, n'kuima, n'kukokanso.

Mayi wamasiye anatseka makutu nakuwa. "Lekani, alamu! Lekani! Ndi mmene ankapumira potsirizika!"

Yotamu, thukuta lili kamukamu, anazungulira nakhala pamphasa ya mnzake, kuti ayese kuyimba mbali inayo. Anaona nsonga za matabwa zitaperepeseka, timaenje tosalala tosiyidwa ndi dzanja la Jailosi. Anakweza timitengo. Manja anangouma m'mwamba. Sankadziwa poyambira. Zaka makumi awiri anakhala maso ndi maso ndi munthuyo, koma ankangomvetsera mbali yakeyake. Analira ngati mwana, pozindikira kuti theka la nyimbo analikwirira yekha ndi khasu m'mawa womwewo.

Oyimba ena anayesa kukhala pamphasapo, koma panalibe woidziwa mbali ya Jailosi. Odutsa pakhomo pa Yotamu masana ankamuona atakhala pa mangolongondo. Ankamenya kamodzi, n'kupendeketsa mutu, kudikira.

Abale anga, inu a kwaya, inu opeka nyimbo, osema, oumba ndi olemba, Mulungu sanalakwitse pokupatsani luso losakwanira. Anachitira dala. Theka linalo analiika m'manja mwa mnzanu, mwina wachibwibwi, mwina amene anthu samuombera m'manja, kuti muzifunana. Mumvetsereni akadali moyo. Ndipo ngati pali wina amene munamunyoza, naika timitengo take pansi n'kuchoka, musanene kuti mawa. Tikatuluka m'tchalitchi muno, musayambe mwapita kwanu. Pitani kwa iyeyo.