Mvuu ndi Dzenje Loposa Maenje Onse

Kalekale, inu ana ndi inu aimvi omwe, kunagwa chilala choopsa. Mtsinje wonse unauma gwaa! Panangotsala kadziwe kamodzi, momwe Chule ankalereramo ana ake, timbululu tosamera n'komwe miyendo.

Tsiku lina kunatulukira Mvuu. Osaodira, osapereka moni, anangoti m'madzimo khuvuu! Akatembenuka, madzi phwaa kumtunda. Akatembenukanso, madzi phwaa kumtunda. Chule mtima unamuwawa zedi, poona kuti sabata isanathe ana ake auma ngati matemba.

"Pepani a Mvuu, ana angatu ali pansi panupo."

"Asamuke! Wamkulu kuno ndine."

Masana omwewo Namzeze, kambalame kosakhazikika kaja, anatera pabango akuchokera kumaiko akutali. Chule anamunong'oneza mawu awiri atatu, kenaka n'kufunsa mokweza, "Achemwali, mwationerako zotani kumene munaliko?"

"Ii, musanene! Ndaona phiri lalitali kuposa mapiri onse, pansonga pake madzi anachita kuuma ngati mwala. Ndaona mathithi oti madzi akagwa pamwamba amafika pansi atasanduka nkhungu. Ndaonanso nyanja yamchere yoti ngakhale a Mvuu ndi chimimba chawochi sangamire."

Mvuu makutu tcheru. "Nanga dziwe langali amalitchula kumeneko?"

"Kachithaphwi aka?" Namzeze anaseka mpaka bango kugwedezeka. "Kumeneko amatchula zoposa zinzake basi."

Mvuu anafufuma nayo nsanje. Apo Chule anayankhula ngati akudziyankhulira yekha, "Chimene chilibe mwini ndi dzenje lakuya kuposa maenje onse. Koma imeneyo ndi ntchito ya akuluakulu, kapena a Njovu."

"Njovu wachiyani! Iwe Chule, ndionetse pokumba!"

Chule anamutengera kumunsi, pamchenga wa mtsinje wouma uja. Mvuu anayamba, fuku fuku, mchenga kobo! Chule anathyola bango loyezera, n'kulipisa m'dzenjemo, n'kupukusa mutu.

"Latsala pang'ono, a Mvuu. Kutsidya kwa nyanja kuli dzenje loposa ili ndi chikhadabo chimodzi."

"Chimodzi chokha," anavomereza Namzeze.

Fuku fuku, thukuta kamukamu. M'mawa mwake, chikhadabo chimodzi. Mkuja wake, chikhadabo chomwecho. Chikhadabo chimenecho, anthuni, sindikudziwa kuti chinali cha nyama yanji!

Tsiku lachinayi madzi anayamba kutumphuka pansi pa mchenga, mpaka kumufika Mvuu m'khosi. Chule anaomba m'manja, Namzeze n'kuimba nthungululu.

"Mwaposa, a Mvuu, mwaposa dziko lonse!"

"Ndinanena ine! Tsopano ndikapume kudziwe kwanga."

"Pitani ndithu," anatero Chule. "Kungoti mwambo wake, dzenje limakhala la amene wapezeka m'katimo. Ndipo a Njovu ndawaona akuzungulirazungulira chapompa."

Mvuu anabwerera m'dzenje msangamsanga, n'kukhala phee, maso ndi makutu okha pamwamba, kudikira Njovu. Njovuyo nkhaniyi sanaimve n'komwe.

Kukadziwe kuja madzi anadikha. Timbululu tinamera miyendo, tonse, osasowapo ndi kamodzi komwe, ndipo Chule analira ndi chimwemwe. Mvula itagwa mtsinje unadzaza n'kukwirira dzenje lija ndi mchenga, koma palibe analimba mtima kukamuuza mwini wake. Mpaka lero Mvuu ali m'madzi, maso tong'oo, ndipo mukayandikira amabangula kuti, "Ndi langa! Ndi langa!"

Munthu wokonda kutamandidwa musalimbane naye, ingomupatsani khasu. Yanga yathera pompa, ndipo amene amasinza, mbatata yake ndadya ine.