Mng'alu pa chiliza cha Nankhoma

Panali munthu wina woswa miyala amene mkazi wake, Nankhoma, anamwalira. Kuseri kwa nyumba yawo kunali thanthwe limene mayiyo ankayanikapo ufa kwa zaka makumi atatu. Mwamunayo anatsimikiza mumtima kuti chiliza cha mkazi wake sichichokera kwina ayi, chichokera pathanthwe lomwelo.

Anasonkha moto pathanthwepo, nathirapo madzi ozizira, nakhoma ndi zitsulo mpaka panachoka mwala waukulu wathyathyathya. Anausema masabata ambiri. Tsiku lina atautsuka, anaona kamng'alu pangodya, kowonda ngati tsitsi, kotalika ngati chala.

Mlamu wake, woswa miyalanso, anaugogoda ndi hamala. Mwala wabwino umalira ngati belu, koma uwu unangoti phu.

"Alamu, dulani mbali iyi, mupitirire pamene mng'aluwu wathera," anatero mlamuyo. "Chiliza chichepa, koma chikhala."

"Ndichepetsenso?" anayankha namfedwa uja. "Mchemwali wanu ndinamupatsa zochepa moyo wake wonse. Ichi chokha chikhale chachikulu."

Ndani angamudzudzule? Anamata simenti pamng'alupo, nasalaza bwinobwino, nazokota dzina m'zilembo zikuluzikulu. Tsiku lovundukula chiliza, anthu onse anayamikira.

Koma mng'alu sukulira pakamwa pamene tikuonapa, umakulira kunsonga, m'kati mwa mwala. Dzuwa la Okutobala linkautentha mwalawo, mvula n'kuuziziritsa, madzi n'kulowa. Nsonga ija inkasuntha pang'onopang'ono, popanda phokoso.

Chaka chachitatu, atapita kukalambula kumanda, anapeza chiliza chili pawiri. Mng'alu unadutsa pakati penipeni pa dzina la Nankhoma. Munthu uja anakhala pansi, nalira ngati maliro achitika dzulo. Mlamu wake sananene kuti ndinakuuzani. Anangotola chidutswa chimodzi, nati, "Gwirani chinacho, alamu. Thanthwe lija likadalipo."

Abale anga, munthuyu sanamate chifukwa cha ulesi, anamata chifukwa cha chikondi. Inunso mwina muli ndi kamng'alu m'banja mwanu, mawu amene mukuopa kuwatchula kuti mungachepetse ulemu wa wina. Mwamata ndi moni komanso kumwetulira, ndipo anthu akuyamikira. Koma nsonga ikuyenda. Pitani lero mukadule pamene mng'aluwo wathera, ngakhale zipweteke, usanafike pa dzina la munthu amene mumamukonda.