Mutu wa Bombi

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwalika, m'tauni ina munali malo a masewera a ana. Munali makatungwe a magetsi, kasitima kozungulira, komanso Bombi. Bombi anali mvuu yofiira ya m'makatuni a pa TV, ndipo ana ankamukonda koopsa. Eni ake anali kampani ya kutsidya kwa nyanja. Iwo anabwereketsa dzina ndi chovala chake, koma ndi lamulo lolimba: Bombi salankhula, savula mutu pamaso pa ana, ndipo womuvala asadziulule kwa mwana aliyense, ngakhale wobereka yekha. Lamulo likaphwanyidwa, Bombi alandidwa. Nanga popanda Bombi ndani akanapondako pamalopo?

M'kati mwa chovalacho munkakhala Levisoni Kachingwe. Bambo wamkulu ndi ndevu zake, tsiku lonse kuvina, thukuta kamukamu, pakamwa ali tsekee ngati wa kudambwe. Mwana wake mmodzi yekhayo, Zione, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anauzidwa kuti bambo ake ndi mlonda wa pamalopo.

Zione anadwala mtima. Atagona m'chipatala miyezi itatu, madokotala anauza makolo ake kuti palibenso chimene angachite, n'kumutulutsa. Mwanayo anapempha chinthu chimodzi: kukaona Bombi. Loweruka lina mayi ake, Esinati, ataona kuti mpweya ukuchepa, anamubereka kumsana, ulendo wa kumasewera. Tsoka ilo, tsikulo n'limene eni a Bombi anatumiza mlendo woti adzaone ngati malamulo akutsatidwa.

Levisoni anaona mkazi wake ndi mwanayo kudzera pa timabowo ta maso. Anawayandikira. Anagwada, mwana anamukumbatira m'khosi, akuseka kuseka kumene anali atakuiwala.

"Bombi," anatero Zione monong'ona, "ababa anga amagwira ntchito konkuno. Ndawayang'ana pageti, palibe. Ukawaona uwauze kuti ndinabwera. Ndimafuna andinyamule."

Bwana Msowoya, woyang'anira malowo, anali ataima chapafupi ndi mlendo uja. Anamva zonse, ndipo ankadziwa amene ali m'chovalacho. Akanangonena kuti, "A Kachingwe, vulani," zikanatha. Koma anayang'ana amayi ogulitsa matikiti, anyamata a pamakatungwe, osesa, anthu makumi asanu odya pamsana pa Bombi. Anapukusa mutu pang'ono, maso ali pa Levisoni.

Esinati nayenso ankadziwa. Akanatha kunena kuti, "Ababa ako ndi omwewa, mwanawe." Koma miyezi itatu anali asanaonepo mwana wake akuseka. Anaopa kuti akamuuza kuti Bombi ndi nsalu ndi thonje chabe, kusekako kuzima, mwanayo n'kupita ndi mtima wosweka. Anangoluma mlomo.

Levisoni ndiye anali pamoto. Dzina la mwana wake linafika pakhosi. Manja anafika pachingwe chomangira mutu. Koma anaona bwana akupukusa mutu, anaona mkazi wake ataluma mlomo, ndipo anadziuza kuti kwangotsala maola awiri kuti aweruke, akamunyamula kunyumba ndi manja akeake. Anagwedeza chimutu chija kuvomera uthenga. Kenaka anamunyamula Zione, n'kuzungulira naye kawiri, misozi ikutsikira m'kati mwa chovala momwe munthu sakanaiona.

Zione anachoka akubayibitsa. Anatsirizikira m'minibasi, pamiyendo pa mayi ake, asanafike n'komwe kunyumba. Mawu ake omaliza anali funso: "Amayi, Bombi awauza ababa?"

Mlendo uja analemba kuti malamulo akutsatidwa bwino lomwe, ndipo anthu makumi asanu aja ntchito yawo inapitirira.

Atachoka kumanda, atatuwa anakumana kuseri kwa nyumba ya siwa. Ndinena mosabisa, zinali zomvetsa chisoni, chifukwa panalibe woloza mnzake chala.

"Wolakwa ndine, a Kachingwe," anatero Msowoya. "Ndinasunga lamulo la anthu amene sanamuonepo mwana wanu."

"Ayi bwana," anatero Esinati. "Ine ndine mayi. Anafunsa za bambo ake ndili pomwepo, pakamwa ndili napo."

Levisoni anatembenukira kwa mkazi wake. "Mayi a Zione, chingwe chinali m'manja mwanga. Anapempha kuti ndimunyamule, ndipo ndinamunyamula. Koma wapita akuganiza kuti sindinabwere."

Kuyambira tsikulo sanavalenso chovalacho, ndipo akamva nyimbo ya Bombi pa TV ya oyandikana nawo amatuluka panja.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, weruzani. Bwana anasunga chakudya cha mabanja makumi asanu, mayi anasunga kuseka kwa mwana wake, bambo anadalira maola awiri amene sanapatsidwe. Mwa atatuwa, ndani anayenera kutsegula pakamwa? Ndipo mukanakhala inu m'chovalacho, mutu uja mukanavula?